Oimba Awiri a ku America: Ife Tikonda Uti?

Tikamva dzina la America timaganiza za nyumba zazitali, magalimoto ndi ndalama zambiri. Koma akulu anati: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku America nako kuli anchito amene amalawirira m'mawa n'kukapeza fakitale yatsekedwa. Kuli alimi amene analandidwa minda cifukwa ca ngongole. Anthu amenewa ali ndi oimba ao.

Nyimbo za oimba amenewa kwao amazipatsa dzina lakuti heartland rock. Heartland ndi pakati pa dziko, kumene kuli minda ya cimanga, matauni ang'onoang'ono ndi mafakitale. Rock ndi nyimbo za magitala a magetsi ndi ng'oma zolira mwamphamvu. Nyimbo zimenezi zinamveka kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Oimba ake odziwika ndi Bob Seger, Tom Petty, Bruce Springsteen ndi John Mellencamp.

Lero tikamba za awiri omalizawa. Onse awiri amapeka okha nyimbo zao. Onse awiri analemera poimba za anthu osauka. Nanga woimba wotere timuyesa ndi muyeso wanji? Tidziwa bwanji ngati akulira nao limodzi anthuwo, kapena akungogulitsa misozi yao? Ife tiwayesa pa zinthu zitatu: mau a nyimbo, kaliridwe ka nyimbo, ndi zocita za mwini nyimbo. Tikatero tisankha mmodzi.

MWANA WA KU FREEHOLD

Bruce Springsteen anabadwa mu 1949. Anakulira m'tauni ya Freehold, m'cigawo ca New Jersey, kum'mawa kwa dzikolo. Bambo ake sankakhalitsa pa nchito imodzi. Anagwirako m'fakitale yoluka makapeti, anayendetsako basi, analonderako akaidi m'ndende. Amai ake ndiwo ankagwiriziza banja ndi nchito ya ukalaliki mu ofesi ya loya. Ndiwonso anatenga ngongole kuti amgulire gitala wa madola 60.

Cimbale cake coyamba cinatuluka mu 1973, koma cimene cinamchukitsa ndi Born to Run ca mu 1975. M'menemo timamva mnyamata amene watopa ndi tauni yakwao. Akuuza bwenzi lake kuti akwere galimoto, athawe akali acinyamata. Pofika mu 1978 maganizo a woimbayu anali atakhwima. Anayamba kuimba za anthu amene sanathe kuthawa. Nyimbo yake ya Factory ikamba za bambo amene amadzuka kukali mdima kupita ku fakitale. Fakitaleyo imamdyetsa, komanso phokoso lake limamgonthetsa makutu. Bambo ameneyu ndi cithunzi ca bambo ake enieni.

MWANA WA KU SEYMOUR

John Mellencamp anabadwa mu 1951 ku Seymour, tauni yaing'ono ya m'cigawo ca Indiana, pakati pa minda ya cimanga ndi soya. Anabadwa ndi cilema ca msana, ndipo madokotala anamcita opaleshoni ali khanda. Bambo ake ankagwira nchito za magetsi, koma iye anakula pakati pa ana a alimi. Anakwatira ali ndi zaka 18, nabereka mwana ali ndi zaka 19. Anagwirako nchito yoika matelefoni.

Atapita ku New York kukafuna mwai wojambula nyimbo, anakumana ndi Tony DeFries, munthu woyendetsa malonda a oimba. Munthuyu anaona kuti dzina lakuti Mellencamp silingagulitse cimbale. Anampatsa dzina lina, Johnny Cougar. Cougar ndi cilombo ca mtundu wa nyalugwe. Cimbale coyambaco cinatuluka mu 1976 ndi dzina lonamali, ndipo sicinayende malonda.

Mu 1982 nyimbo yake ya Jack & Diane inafika pa nambala 1 m'dziko lonse la America. Apa tsopano anali ndi mphamvu zokana. Mu 1983 anaphatikiza dzina la makolo ake pa dzina lopatsidwa lija. Mu 1991 anataya dzina la Cougar kotheratu. Zinamtengera zaka 15 kuti aombole dzina lake lomwe. Tisaiwale nkhani imeneyi, cifukwa tidzabwererako.

MUYESO WOYAMBA: MAU

Titenge nyimbo imodzi kwa aliyense, imene ife tikuiona kuti ndiyo yopambana.

Ya Springsteen ndi The River, ndiye kuti Mtsinje, ya mu 1980. Mnyamata ndi mtsikana akondana, ndipo amakonda kukasambira kumtsinje. Mtsikanayo atenga mimba. Ukwati ucitika mofulumira ku ofesi ya boma, popanda nthungululu. Mnyamata apeza nchito yomanga nyumba, koma cuma ca dziko cigwa ndipo nchito iyamba kusowa. M'banjamo muyamba kuzizira. Palibe ndeu, koma aliyense wangokhala cete, ngati waiwala zimene ankalonjezana. Pomaliza mwamunayo abwerera kumtsinje kuja, ngakhale akudziwa kuti unauma. Springsteen anapeka nyimboyi poona moyo wa mlongo wake ndi mlamu wake.

Taonani luso lake. Sakutukwana munthu. Sakulalikira. Wangotilowetsa mumtima mwa munthu mmodzi, kuti tione mmene ulova umaphera cikondi pang'onopang'ono. Mtsinje wouma uja watiuza zonse.

Ya Mellencamp ndi Rain on the Scarecrow, ya mu 1985. Dzinali likunena za mvula imene ikugwa pa cidole coopsezera mbalame m'munda. Kuti tiimve bwino, tiyambe tadziwa zimene zinagwera alimi a ku America pa nthawiyo.

M'zaka za m'ma 1970 mbeu zinali pa mtengo wabwino, cifukwa maiko akunja ankagula tirigu ndi cimanga cambiri. Alimi anatenga ngongole ku mabanki kuti agule minda ina ndi mathirakitala akuluakulu. Kenaka zinthu zinatembenuka. Mu 1980 boma la Jimmy Carter linaletsa kugulitsa mbeu zambiri ku Soviet Union. Ciongola dzanja cinakwera, kufikira kuti wokongola madola 100 ankaonjezapo madola pafupifupi 20 pa caka. Mitengo ya mbeu inatsika, mtengo wa minda nao unatsika. Mu 1983 kunagwa cilala. Mabanja ambiri analephera kubweza ngongole, ndipo mabanki analanda minda yao. M'madera ena alimi ankazika mitanda yoyera pa bwalo la khoti, mtanda umodzi kuimira banja limodzi lotaya munda.

Mellencamp anapeka nyimbo ija pamodzi ndi George Green, mnzake wa paubwana. Wolankhula m'nyimbomo ndi mlimi. Munda wa maekala 400 umene agogo ake anaswa mphanje, umene bambo ake analima, lero uli gwa, wopanda mbeu. Zokolola za caka catha sizinakwane kubweza ngongole, ndipo banki yalanda mundawo. Amene wabwera kudzaugulitsa poyera si mlendo ai, ndi mnzake wakale, amene akudzikhululukira kuti akungogwira nchito imene anatumidwa. Agogo akazi ali pakhonde ndi Baibulo m'manja. Mlimiyo akupepesa kwa mwana wake, cifukwa alibenso comsiyira.

Apa pali kusiyana. Springsteen watiwonetsa mtima wa munthu mmodzi. Mellencamp watiwonetsa mudzi wonse: agogo, bambo, mwana, mnzako wakale, banki, khoti. Watiwonetsanso cinthu cowawa kwambiri, cakuti ngongole imadanitsa anthu odyera mbale imodzi. Wolanda ndi wolandidwa anakulira limodzi. Ndipo munda m'nyimboyi si cakudya cokha. Ndi dzina la banja, ndi ulemu wa mwini wake.

Komabe tinene zoona. Nyimbo zakuya ngati The River, Springsteen ali nazo zambiri. Mu 1995, m'cimbale ca The Ghost of Tom Joad, anaimba za osula zitsulo a ku Youngstown ndi za anyamata a ku Mexico oolokera ku California kukafuna nchito. Nyimbo zoyamba za Mellencamp zambiri n'zopepuka, zongovinira. Zina mwa nyimbo zake zimakuuza cocita m'malo mokuwonetsa munthu. Pa muyeso wa mau, Springsteen wapambana.

MUYESO WACIWIRI: KALIRIDWE

Nyimbo si mau okha. Ng'oma nayo imalankhula. Ng'oma ya maliro ndi ng'oma ya cinamwali sizilira mofanana, ndipo woimba akazisokoneza, anthu amavina pamene anayenera kulira.

Izi zinamgwera Springsteen mu 1984 ndi nyimbo ya Born in the U.S.A., ndiye kuti Wobadwira ku America. Mau ake ndi acisoni. Mnyamata wa m'banja losauka atumizidwa ku nkhondo ya ku Vietnam. Pobwera apeza kuti ku fakitale yoyenga mafuta kulibe nchito. Ofesi yothandiza asilikali akale nayo simthandiza. Mbale wake anafera ku nkhondo komweko. Koma ng'oma za nyimboyi zimagunda ngati mabingu, kolasi yake ndi yofuula, ndipo pa cikuto ca cimbale pali mbendera ya America. Anthu ambiri anangomva kolasi, n'kuganiza kuti ndi nyimbo yotamanda dziko.

Mu Seputembala caka comweco, Pulezidenti Ronald Reagan anali pa ulendo wokopa anthu kuti amsankhenso. Ali ku Hammonton, ku New Jersey, anayamikira nyimbo za Springsteen kuti ndi za ciyembekezo. Patapita masiku ocepa Springsteen anamuyankha ali pa nsanja ku Pittsburgh. Anati akukayika ngati Pulezidentiyo anamverako cimbale cake ca Nebraska. Atatero anaimba Johnny 99, nyimbo ya munthu amene anacotsedwa nchito pa fakitale ya magalimoto, nathedwa nzeru, n'kupha munthu. Cimbale ca Nebraska cija anacijambula yekha kunyumba mu 1982, pa makina a kaseti, popanda gulu lake. M'menemo mau ndi kaliridwe zimagwirizana. Koma cimene cinafika m'nyumba zambiri ndi ca ng'oma za mabingu cija.

Mellencamp naye sanapulumuke. Nyimbo yake ya Pink Houses ya mu 1983 anaipeka ataona bambo wacikuda atakhala pakhomo pa kanyumba kake m'mbali mwa mseu waukulu ku Indianapolis. Nyimboyi ikunena kuti maloto a munthu wamba amathera pa kanyumba kotero. Koma kolasi yake ndi yokoma, ndipo andale anaitenga ngati yonyadira dziko. Mu 2008 Mellencamp anacita kupempha a John McCain kuti aleke kuiimba pa misonkhano yao.

Pa Rain on the Scarecrow palibe angasokonezeke. Ng'oma za Kenny Aronoff zimagunda ngati munthu akukhoma citseko ca nyumba yolandidwa. Gitala amalira mokwiya. Mau a woimba ndi osasa. Palibe wandale angaitenge kukavinira pa msonkhano. Ndipo mu 1987, m'cimbale ca The Lonesome Jubilee, Mellencamp analowetsa zoimbira za anthu a kumidzi: akodiyoni, ndi vayolini amene amakhwekhwesedwa ndi uta monga kaligo. Woimba vayoliniyo anali mai, Lisa Germano. Kuyambira pamenepo nyimbo zake zinayamba kulira ngati malo amene zikuwanena.

Gulu la Springsteen, E Street Band, ndi lamphamvu zedi. Limatha kuimba maola atatu kapena kuposa osapuma. Lipenga la saksofoni la Clarence Clemons, amene anamwalira mu 2011, linkadzutsa bwalo lonse. Koma kaliridwe kameneka ndi ka mumzinda ndi ka m'mabwalo akuluakulu. Pa funso lakuti ng'oma igwirizane ndi nkhani, ife tikuona kuti Mellencamp ali patsogolo pang'ono.

MUYESO WACITATU: ZOCITA

Poyamba tinene zowatsutsa onse awiri. Springsteen anaulula yekha pa nsanja ku New York mu 2017 kuti sanagwirepo nchito m'fakitale. Mellencamp naye sanakhalepo mlimi. Mu 2006 Mellencamp analola kuti nyimbo yake ya Our Country igwiritsidwe nchito potsatsa magalimoto a Chevrolet, pamene kale ankadzudzula oimba ocita zotero. Mu 2021 Springsteen anaoneka potsatsa magalimoto a Jeep, ndipo caka comweco anagulitsa nyimbo zake zonse ku kampani ya Sony pa madola pafupifupi 500 miliyoni. Awa si anthu osauka, ndipo tisawayese oyera mtima.

Koma kukhala wolemera si mlandu. Funso ndi lakuti: kodi anabwerera kwa eni nkhani zija?

Springsteen wathandiza anthu ambiri, m'malo ambiri. Mu 1981 anaimba ku Los Angeles kusonkhetsa ndalama za asilikali akale a ku Vietnam. Pa ulendo wake wa mu 1984 ndi 1985 ankapereka ndalama ku mabungwe ogawa cakudya m'mizinda imene ankaimbamo. Mu 1985 anaimba nao nyimbo ya Sun City, yotsutsa tsankho la ku South Africa, imene anatsogolera ndi mnzake Steven Van Zandt. Mu Okutobala 1988 anafika ku Harare, ku Zimbabwe, pamodzi ndi Sting, Peter Gabriel, Tracy Chapman ndi Youssou N'Dour, pa ulendo wa Amnesty International wolalikira za ufulu wa anthu. Izi sitingazicepse.

Mellencamp anasankha mtolo umodzi, n'kuusenza osautula. Pa 22 Seputembala 1985, iye ndi Willie Nelson ndi Neil Young anakonza cimsonkhano ca nyimbo ku Champaign, m'cigawo ca Illinois, kuti athandize alimi. Anacipatsa dzina lakuti Farm Aid. Kunafika anthu pafupifupi 80,000, ndipo kunapezeka madola oposa 7 miliyoni. Mu 1986 anapita ku Chillicothe, ku Missouri, kukaimba pakati pa alimi amene ankacita zionetsero pa ofesi ya boma yokongoza ndalama. Mu 1987 iye ndi Willie Nelson anakalankhula ku nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo caka comweco aphungu anavomereza lamulo lofewetsa ngongole za alimi. Sitikunena kuti oimba okha ndiwo anabweretsa lamulolo. Alimi eni ake analimenyera. Koma oimbawa anaima nao. Ndipo Farm Aid sinathere pa tsiku limodzi lija. Yakhala ikucitika pafupifupi caka ndi caka, ndipo mu 2025, ku Minneapolis, inakwanitsa zaka 40, Mellencamp ali pomwepo.

Kupepesa maliro tsiku loika, aliyense amatha. Mnansi weniweni ndi amene amabweranso anthu atabalalika, kudzafunsa ngati ana amasiye adya.

TSONO TISANKHE

Wina akatifunsa kuti mmisiri wamkulu wa nyimbo ndani, tiyankha mosabisa kuti ndi Springsteen. Nkhokwe yake ndi yaikulu, ndipo diso lake limalowa mozama mumtima wa munthu. Koma funso lathu linali lakuti tikonda uti. Ife tikonda John Mellencamp.

Cifukwa cake ndi ici. Oimba ambiri amaimba za kucoka. Amauza wacinyamata kuti moyo uli kutali, kumzinda, kumapeto kwa mseu. Springsteen anayambira pomwepo, ndipo ngakhale m'nyimbo zake za pambuyo pake, munthu wotsalira kwao kawirikawiri amakhala amene walephera kuthawa. Mellencamp anaimba za kukhala. M'nyimbo ya Small Town, ya mu 1985, akunena kuti anabadwira m'katauni kakang'ono, akukhala m'katauni kakang'ono, ndipo akuyembekeza kuti ndi komwe adzaikidwe. Sakucita manyazi. Sakunamanso kuti kumeneko n'kosavuta, pakuti cimbale comweco ndi cimene cili ndi nyimbo ya munda wolandidwa ija. Nyumba yake yojambuliramo nyimbo anaimanga kwao ku Indiana, pafupi ndi Bloomington, osati ku New York kapena ku Los Angeles.

Tikumbukirenso za dzina lija. Munthu amene anauzidwa kuti dzina la makolo ake silingagulitse malonda, n'kulimbana zaka 15 kuti alibweze, amadziwa ululu wa mlimi amene wauzidwa kuti munda wa makolo ake ndi nambala cabe m'buku la banki. N'cifukwa cake tikamamumva timamkhulupirira. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Kusankha mmodzi si kudana ndi winayo. Eni akewo sadana. Mu 2021 anaimbira limodzi nyimbo ya Wasted Days, madoda awiri okalamba akufunsana za masiku amene awatsalira. Wina mwa inu akamva The River n'kusankha Springsteen, sitidzamtsutsa. Tidzangompempha kuti atiuze muyeso umene wagwiritsa nchito, monga ife tanenera wathu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chulani zinthu zitatu zimene zinacititsa kuti alimi a ku America alandidwe minda m'zaka za m'ma 1980.
2. N'cifukwa ciani anthu ambiri sanamvetse nyimbo ya Born in the U.S.A.?
3. Kodi munthu amene sanagwirepo khasu angaimbe zoona za mlimi? Fotokozani maganizo anu.
4. Pa miyeso itatu ija, mau, kaliridwe ndi zocita, waukulu ndi uti kwa inu?
5. Ganizirani oimba awiri amene mumawadziwa bwino. Ayeseni ndi miyeso yomweyi, ndipo muuze anzanu amene mwasankha.